Kalata ya ku Jeneva

"Ndinawauza ine. Ndinati dzuwa la Okutobala si loyendamo munthu wa tensau, wothamanga magazi. Iwo n'kundiseka, amvekere, 'Verónica, Cuamba si kumwamba.' Nanga lero ali kuti?"

Mayi Verónica ankanena mawu amenewa kwa aliyense wolowa pampanda, ndipo pofika tsiku lachitatu chiikire amuna awo, Aphunzitsi Lazaro, mawuwo anali atasalala ngati mpini wa khasu. Anthu ankangogwedeza mitu n'kukhala pansi.

Mwana wawo Neusa anali pakhonde, atapanikiza kamtsikana kake Mwayi pakati pa maondo, akukadzoza mafuta m'khosi. Mwayi anali wa zaka zinayi, wa khungu lachialubino, ndipo sankaloledwa kupitirira mtengo wa malalanje umene unali pafupi ndi chipata. Masiku atatu amaliro aja anali olemetsa kwa Neusa. Pakhomo panadzaza anthu, ena osawadziwa n'komwe, ndipo iye ankawerenga nkhope iliyonse yoyang'ana mwana wake kawiri. Koma lero maso ake ankathawira m'nyumba, pa msomali pamene panapachikidwa chikwama chakuda cha bambo ake.

Chikwamacho anabwera nacho kondakitala wa chapa, minibasi ya kuno, tsiku lomwe Aphunzitsi anagwa pa siteji ya Mandimba akuchokera ku Cuamba. Palibe anachitsegula. Katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka tsiku lometa, pamene abale ake a mwamuna amamuyala pamphasa anthu onse akuona. Tsikulo linali lero.

Aphunzitsi Lazaro anaphunzitsa zaka makumi awiri pa sukulu ya mishoni ku Massangulo kuno. Chingerezi anachitola ku Malawi, komwe anathawira nkhondo ali mnyamata. Mwayi atabadwa, bambo ake a mwanayo n'kupita ku Nampula osabwerako, Aphunzitsi anayamba kuyenda pa njinga m'midzi ya Ngauma ndi Mandimba, kumvetsera mabanja a anthu achialubino. Manda ofukulidwa usiku, mwana wosowa pamalire, mtsikana wosiya sukulu chifukwa cha mantha a panjira: zonse ankalemba. Makope anakwana asanu ndi awiri.

Mu Seputembala, Dona Rukia, amene ankayendetsa kabungwe ka anthu achialubino ku Cuamba, anawaimbira foni. Bungwe la mayiko ku Jeneva linkafuna katswiri woima payekha, woti aziyendera mayiko n'kumapereka malipoti a momwe ufulu wa anthu otere ukusungidwira. Aliyense anali womasuka kufunsira.

"Malipiro ake ndi angati?" anafunsa mng'ono wawo, a Bernado, pomwe nkhaniyo inamveka.

"Palibe malipiro."

"Ntchito yopanda malipiro, n'kumachita kuipempha? Achimwene, bwerani kumunda kwanga, ndili nayo yambiri yotero."

Aphunzitsi anaseka nawo. Ankadziwa kuti ofunsira ena ndi madokotala a m'mayunivesite. "Sadzanditenga, ndikudziwa," ankatero. "Koma wina adzakakamizika kuwerenga mawu oti Ngauma, n'kufufuza pa mapu kuti ndi kuti."

Kalatayo anailemba pamanja sabata yathunthu, n'kuipereka kwa Neusa kuti akaitayipe ndi kuitumiza ku Mandimba, pa shopu ya makompyuta. Neusa anamaliza sekondale, ndipo Chingerezi anamuphunzitsa ndi bambo akewo. Atakhala pa kompyuta, anawerenga chidziwitso chimene chinali pamwamba pa fomu: makalata a ofunsira onse adzaikidwa poyera pa intaneti, kuti aliyense athe kuwawerenga. Kenaka anayang'ana ndime yachiwiri ya kalata ya bambo ake. *Mdzukulu wanga Mwayi, wa zaka zinayi, amakhala m'nyumba mwanga ku Massangulo.*

Dzina, msinkhu, mudzi. Chinangotsala ndi mtundu wa chitseko.

Anakhala pamenepo mpaka ola lake linatha. Anapinda mapepala, anakwera chapa, ndipo atafika kunyumba anati, "Ndatumiza, bambo."

"Wachita bwino, mwanangu," anatero iwo. Neusa anawabwezera mapepala aja osawayang'ana kumaso.

Patapita masabata atatu, Aphunzitsi anati akupita ku Cuamba kukaonana ndi Dona Rukia za nkhani ya ku Jeneva ija. Neusa anaganiza kuti akukafunsa yankho la kalata yomwe sinapite. Mayi ake analetsa mpaka mawu kusasa. Neusa anawanyamulira chikwama mpaka kumsewu, pakamwa pali gwa, n'kuwabayibitsa.

Tsopano a Bernado anatuluka m'nyumba, mutu uli mbee ndi kumetedwa kumene, chikwama chija chili m'manja. Pamphasa panali kale malaya, nsapato ziwiri, wailesi, ndi makope asanu ndi awiri omangidwa ndi mphira wa njinga. Abale anakhala mozungulira mumthunzi.

"Alamu, tikutsegula," anatero kwa mayi Verónica.

"Tsegulani, alamu."

Munatuluka magalasi a maso. Munatuluka kapaketi ka mapiritsi a tensau, kosatsegula. Mayi Verónica anagwira pakamwa. Munatuluka botolo la mafuta oteteza khungu ku dzuwa, kenaka chipewa chaching'ono cha mlomo waukulu, chobiriwira, chokhala ndi chingwe chomangira kuchibwano.

"Changa!" anakuwa Mwayi, akufuna kudzuka. Neusa anamukokera pansi.

Pomaliza munatuluka mapepala. A Bernado anawatembenuza, anawatalikitsa ndi maso, anawayandikitsanso.

"Chiputukezi ndimalimbana nacho. Ichi n'Chingerezi cha akuluwa. Neusa, tabwera utiwerengere. Mwina atisiyira ndege ku Jeneva."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro kosachedwa kuzima. Neusa anayenda chogwada, Mwayi atamugwira kapulana, chitenje chimene anavala. Pepala loyamba linali losindikizidwa pa makina. Analiwerenga chamumtima. Unali uthenga wotsimikiza kuti kalata yofunsira udindo ya Lazaro yalandiridwa. Tsiku lake linali Lachinayi lapitali, dzulo lake la imfa yawo, kutatsala tsiku limodzi kuti kulandira makalata kutsekedwe.

Sanapite kukafunsa yankho. Anapita kukatumiza okha.

"Likuti chiyani?" anafunsa a Bernado.

Neusa anayang'ana anthuwo. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa Chingerezi. Akanatha kungoti kalata inalandiridwa, n'kusiyira pomwepo, ndipo likanakhala lisali bodza.

"Likuti kalata yawo yalandiridwa," anatero. "Lachinayi."

"Lachinayi liti? Si unatumiza iwe mwezi watha?"

"Sindinatumize, bambo aang'ono."

Nkhuku imene inkatola madeya pafupi ndi mphasa inamveka kujompha kwake.

"Ndinanama. Munali dzina la Mwayi, ndi mudzi wathu, ndipo akanaziika poti aliyense aone. Ndinaopa. Ndinaopanso kuwauza. Ndikanawauza, tikanakonza n'kutumiza ku Mandimba konkuno kusanatenthe. Sakanapita ku Cuamba."

Azakhali ena anayamba kulira chapansipansi. A Bernado anakhala nthawi akupukuta magalasi a mkulu wawo ndi m'mphepete mwa malaya.

"Mwanawe," anatero kenaka, "kunama unalakwa. Koma mantha akowo si auchitsiru. Ine ndakhala ndikunena. Inu alamu, njinga yamoto ija inaima pachipata kawiri mu Ogasiti, anthu ake osatsika, munaiona kapena simunaione?"

"Ndinaiona."

"M'makope umu muli maina a anthu oganiziridwa zoipazi amene akali moyo, ena amagula nafe pa msika umodzi. Mwini wake wapita. M'nyumba muno mwatsala akazi awiri ndi mwana uyu. Ine sindingagone pakhonde pano chaka chonse ndi chikwanje." Anaika dzanja pa makope aja. "Mawa m'mamawa, tisanataye phulusa la pamaliro, awa alowe pamoto. Zithere pomwepo."

"Bambo aang'ono, azimayi a m'midzi muja anawauza bambo zinthu zimene sanauzepo munthu..."

"Iwe ukufuna kuyankhulira makope lero? Si iwe unabisa kalata?"

Neusa anazyolika.

Katundu anagawidwa. Wailesi inapita kwa azakhali, nsapato kwa mphwawo wa malemu. Chipewa ndi mafuta anapatsidwa Mwayi. Makope anabwezedwa m'chipinda kudikira m'mawa.

Dzuwa litapendeka, anthu ambiri atabalalika, Neusa analowa m'chipindamo ndi mapepala otsala a m'chikwama. Pansi pa uthenga uja panali kalata ya pamanja, yomwe ija anaipinda iye ku Mandimba. Mipindiro yake inali ikuonekabe. Ndime yachiwiri inali itafufutidwa ndi cholembera chakuda, mobwerezabwereza mpaka pepala kuboola. Pamwamba pake, m'zilembo zazing'ono zopendekeka, munalembedwa: *Ndimadziwa mwana wina amene sanaonepo msika wa kwawo.*

Anamasula mphira pa makope, n'kutsegula loyamba. Dzina lililonse la mwana linali litadetsedwa, pambali pake pali nambala. Maina a midzi chimodzimodzi. Anatsegula lachiwiri, lachisanu, lomaliza. Monsemo munali mabala akuda, tsamba ndi tsamba.

"Anatha zolembera zinayi," anatero mayi Verónica. Anali ataima pakhomo, mpango wakuda uli kumutu kometedwa. "Masabata atatu, masana alionse, patsinde pa lalanje paja. Iwe unkaganiza kuti akukonza mayeso a ana a eni."

"Anadziwa liti, amayi?"

"Patangopita masiku awiri. Dona Rukia anawauza kuti munthu ukatumiza umalandira uthenga wotsimikiza. Iwo sanalandire. Anawerenganso kalata yawo pakhonde apo, kenaka anangoti, 'Ha! Verónica, ine ndimafuna kukalondera ufulu wa ana a dziko lonse, wanga ndamupachika pamsewu.'"

"Bwanji sanandifunse?"

"Anati adikira kuti unene wekha. Anati mwana amene wanama chifukwa cha mantha, ukamugwira amangowonjezera mantha. Anadikira mpaka masiku anatha. Ku Mandimba anakana, ati mwini shopu adzakuuza kuti anabwera." Mayiwo anakhala pa bedi, n'kuyang'ana manja awo. "Inenso ndinkadziwa, Neusa. Ndinkalimbana ndi dzuwa, ndi tensau, ndi chapa. Chikhala ndinangokukokera kuseri n'kukuuza kuti pita ukawapepese bambo ako, bwenzi zitatha. Koma anandiletsa, ine n'kumvera. Zaka makumi atatu sindinawamverepo kanthu, n'kudzamvera chimenechi."

Kunja a Bernado ankauza munthu wina kuti asunge zikuni ziwiri zazikulu za m'mawa.

"Sizikupepukitsa," anatero Neusa.

"Sindinanene kuti zipepuke."

Neusa anatsegulanso kope lomaliza. Mkati mwa chikuto munali nambala ya foni ya Dona Rukia ndi mzere umodzi wa Chinyanja: *Kaya atenga ine kaya wina, awa akafike kwa amene watengedwayo.* Maina a anthu oganiziridwa aja anali akadalimo, monga ananenera a Bernado. Sakanatha kukhala m'nyumba muno. Koma sikuti malo ena onse ndi pamoto. Ku Cuamba kunali Dona Rukia.

"Chapa choyamba cha ku Mandimba chimadutsa nthawi yanji masiku ano?"

Mayi ake anamuyang'anitsitsa. "Tambala wachiwiri. Alamu akadzuka n'kupeza mulibe, adzati tawanyoza pa mwambo."

"Muwauze kuti ndaba. Anthu amva kale lero kuti ndine wabodza, kuba sikuwadabwitsa."

Mayi Verónica anatulutsa m'mphuno kaphokoso kofanana ndi kuseka, koyamba m'masiku atatu. Anavula kapulana wapamwamba n'kumuyala pa bedi. Neusa anasanja makope aja pakati, ndipo anamanga ngodya zinayi pamodzi, ngati mtolo wa ufa wopita kuchigayo.

"Mwana umusiya ndi ine," anatero mayiwo. "Sindimuchotsa diso."

Mwayi anali atalowa mwakachetechete, chipewa chili kumutu. Chinamukwana ndendende. Neusa anawerama kuti amumange chingwe, ndipo anaona kuti sichinali cha kusitolo. Chinali chingwe cha magalasi a bambo ake, chija ankachikoleka m'khosi, chosokereredwa kuchipewa ndi ulusi woyera, masokedwe okhotakhota a munthu wosazolowera singano. Anakumbukira zimene ankanena akamuona akubweza mwana pa lalanje paja: chipewa cha pakhomo sichifuna chingwe, chingwe n'cha mphepo ya panjira.

Anamanga mfundoyo pansi pa chibwano, n'kulowetsa chala chimodzi kuyesa ngati yathina.

"Ayi, amayi," anatero. "Mumuikire madzi m'botolo. Tipita tonse."