Mtanda Wofiira pa Nyumba ya Telala

Oyeza msewu anabwera mu Meyi. Anakhoma zikhomo kuchokera pamlatho mpaka pachipata cha m'malire, ndipo nyumba iliyonse imene inali m'njira anailemba mtanda wofiira. Ya telala nayo inalembedwa.

Telala sanafune kudikira chigalimoto chogumula. Ankadziwa mmene chimapindira malata ndi kuphwanya njerwa. Mu Julaye anasasula yekha denga, nazula zitseko ndi mafelemu, kenako anaphwasula makoma mosamala, njerwa imodziimodzi. Banja lonse linakadzipanikiza m'kashedi ka mlamu wake, makina osokera ali kumutu kwa mphasa.

Mu Okutobala oyeza aja anabweranso n'kuyamba kuzula zikhomo. Mkazi wa telala anawapeza ataima pamaziko a nyumba yake.

"Mukuzuliranji, bambo?"

"Msewu wasuntha, mayi," anatero wamkulu wa oyezawo. "Anzathu a tsidya linalo amanga chipata chawo kumtunda kwa mtsinje. Msewu wathu uyenera kukakumana ndi wawo, ndiye udzera kuseri kwa phiri."

"Nanga kuno?"

"Kuno mwayi. Nyumba zonse zapulumuka."

"Zapulumuka? Mwaima pabalaza panga, bambo. Pamene mwapondapo panali mpando."

Mkuluyo anasuntha phazi. "Ife sitinauze munthu kuti agumule. Tinangolemba."

"Munangolemba! Mumati tiziti ndi maluwa? Nanga malo atsopano munalonjeza aja?"

"Amenewo ndi a anthu amene msewu ukuwadutsa. Inuyo sukukudutsani."

Telala anafika akuthamanga, tepi ili m'khosi. "Mayi a ana, tiyeni. Anthu akutiona."

"Aone! Inunso ndi changu chanucho. Alesi munkawaseka aja akugona m'nyumba zawo, ife anzerufe tikugona ndi mbuzi za achimwene."

"Ndimapulumutsa malata."

"Mwawapulumutsadi. Muziwafunda."

Mmodzi mwa oyezawo anaseka, koma anasiya msanga. Mayiyo anali atayenda kale kupita kugalimoto ya oyezawo, yoyera, imene inaima m'mbali mwa njira. Kumbuyo kwa galimotoyo kunali chitini cha penti yofiira ndi bulashi. Anaviika bulashiyo, nalemba mtanda pachitseko cha dalaivala, kuchokera pagalasi mpaka pansi. Sanapupulume.

"Mayi! Imeneyi ndi galimoto ya ntchito!"

"Sindinagumule, bambo. Ndangolemba."

Anabwezera bulashi m'chitini, napukuta manja, n'kutembenukira kwa mwamuna wake. "Inu, vulani tepiyo. Kabwerekeni wilibala."

Mvula yoyamba inagwa pa 9 Novembala. Inawapeza atamanga chipinda chimodzi pamaziko omwewo, zenera lisanalowe. Njerwa zina zinali zitasweka, moti zotsalazo sizikanakwanira nyumba yonse. Zimene zinali ndi penti mayiyo anazisankha yekha, nauza womanga kuti aziike kumaso, pentiyo ili kunja. Telala atanena za pulasitala, mayiyo anakana.