Kalata ya Ida

Evelina ndi amene anamuuza Ida za sukuluyo, ndipo pambuyo pake chimenechi ndicho chinkamuwawa kwambiri.

Evelina anali atakhala ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, zaka zisanu ndi chimodzi. Kumudzi anali ndi digiri ya zaulimi, koma kuno ntchito yake inali yosambitsa ndi kudyetsa okalamba pa nyumba ina yowasamalira, kufupi ndi chipatala cha m'tauni. Ida anabwera mochedwa, ali ndi digiri ya uphunzitsi ndi sutikesi imodzi. Anali mng'ono wa mnzake wa Evelina wa kusekondale, choncho Evelina ndi mwamuna wake Dixon anamusunga miyezi isanu ndi itatu. Evelina anamupezera ntchito komwe iye ankagwira, namuphunzitsa kunyamula wodwala popanda kudzipweteka msana.

Sukuluyo inali ku Indianapolis. Inkalandira anthu amene ali kale ndi digiri ina, ndipo pakatha chaka ndi miyezi inayi munthu ankatuluka ali namwino. Panali maphunziro ena ofunika kuwamaliza usanapemphe malo. Evelina anawatenga limodzilimodzi kwa zaka zitatu chifukwa cha ana ndi mashifiti, kemisitiri anachita kubwereza. Ida anawamaliza onse chaka chimodzi, akuwerenga mabuku a Evelina omwe mfundo zake zinali zodulidwa kale mizere.

Anaapulaya limodzi pa tebulo la kukhitchini kwa Evelina. Pa funso loti n'chifukwa chiyani akufuna unamwino, Ida anasowa cholemba. Evelina anamukonzera chiganizo ndi chiganizo.

Mayankho anabwera mu Malichi, onse ali kuntchito. Ida analowa m'chipinda chomwe Evelina ankayala bedi, foni ili m'manja.

"Asisi, anditenga. Tachekani yanu."

Evelina anatsegula imelo yake. Anali atamuika pa mndandanda wa odikira. Wina akasiya malo, adzamuitana.

"Akuitanani basi," anatero Ida. "Anthu amadropa."

"Wachita bwino, mwanawe," anayankha Evelina, napitiriza kukoka nsalu ya pabedi yomwe inali itawongoka kale.

Lamlungu, pa mapemphero a Amalawi, abusa anamuimiritsa Ida, azimayi naimba nthungululu. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi Evelina anamunong'oneza kuti, "Anawa ndi achangu, afika dzulodzuloli koma atisiya kale." Evelina anaseka nawo. Ali m'galimoto pobwerera, Dixon anati, "Bwanji osasangalala? Si iwe wamufikitsa pamenepa?" Evelina anangokweza mawu a wailesi.

Tsiku lotsatira anaimbira foni ku sukuluko. Mayi wa mu ofesi anamuuza kuti dzina lake lili pamwamba penipeni pa odikira.

Ida anali atasamukira m'kachipinda ka lendi, koma makalata ake ankafikirabe kwa Evelina. Pakati pa Epulo panabwera envelopu yonenepa yokhala ndi chizindikiro cha sukuluyo. Evelina anaima nayo pa bokosi la makalata kwa kanthawi, kenaka anakalowa m'galimoto naing'amba. Munali mafomu a katemera ndi a kupolisi. Pamwamba pake analemba kuti amene sabweza mafomuwo pofika pa 30 Epulo, malo ake apatsidwa kwa wina.

Anaiponya mu kabati kakang'ono ka kutsogolo m'galimotomo, natseka. Anadziuza kuti amupatsa mawa. Mawa lake anagwira ntchito limodzi ndi Ida tsiku lonse, anathandizana kutembenuza gogo wina wolemera, anadyera limodzi mpunga wa nkhomaliro, koma kalatayo sanaitchule. Panapita masiku khumi. Ida akamakamba za nsapato zoyera zimene akufuna kugula, Evelina ankasintha nkhani.

Loweruka lina Ida anamupempha kuti amuperekeze ku Indianapolis kukaona chipinda m'dera la Lawrence, kwa bambo Lyson ndi akazi awo, Amalawi amene anavomera kumusunga. Evelina anavomera. Anaganiza zochotsa kalatayo m'galimoto, koma Dixon anali panja akupukuta mawindo ake mpaka nthawi yonyamuka. Ulendo wonse Ida anakhala mawondo ake atagunda kabati kaja, akulankhula za basi yomwe azidzakwera popita ku sukulu.

Chipinda chinali chabwino, chowala. Mayi Lyson, amenenso anali namwino, anamugwira Ida dzanja ngati mwana wawo. Kwa Evelina anangofunsa kuti, "Nanga inu mukugwira kuti?"

Pobwerera anaima pa Lafayette Road kugula nsomba zouma ndi chinangwa. Atalowanso m'galimoto, Ida anatsegula kabati kaja kuti afune tishu wopukutira m'manja. Envelopu inagwera pamiyendo pake.

Anawerenga dzina lake, naona pomwe panang'ambika, kenaka tsiku lomwe linadindidwa.

"Ndinaiwala kukupatsa," anatero Evelina.

"Munaitsegula."

Evelina anali atagwira kiyi koma sanalize injini. Panja munthu wina ankalimbana ndi ngolo ya m'sitolo yomwe tayala lake linkakana.

"Ndinaitsegula," anatero. "Ndinkafuna kuti uchedwe. Zaka zitatu, Ida. Iwe sukuluyi sunkaidziwa n'komwe."

Ida anapinda mafomuwo bwinobwino nawabwezera mu envelopu.

"Awa ndinasabmita kale pa intaneti, sabata yomwe ananditenga. Kalatayi amangotumiza mwa mwambo." Anaika envelopuyo m'chikwama chake. "Mukanangondiuza kuti zikukuwawani, asisi. Ine ndimaona ngati tikusangalala tonse."

Maola awiri ndi theka obwerera ku South Bend Ida anayenda akuyang'ana panja pawindo. Fungo la nsomba linadzaza galimoto. Ida anapempha kutsikira pa siteji ya basi m'tauni, osati pakhomo pake.

Palibe amene anasiya malo chaka chimenecho. Ida anasintha masiku ake a ntchito, ndipo mu Ogasiti anasamuka pa galimoto ya munthu wina. Sanauze aliyense za kalatayo. Evelina anadikira kuti nkhani imveke ku mapemphero, kuti mwina apeze pomukwiyira, koma sinamveke. Dixon anamva kuchokera kwa Evelina yemwe, ndipo anangogwira pakamwa.

Mu Okutobala Evelina anaapulayanso, yekha. Sabata yomweyo mayi Lyson anaika chithunzi pa gulu la Amalawi la pa foni: Ida atavala yunifolomu ya ophunzira unamwino, choyezera kugunda kwa mtima chili m'khosi. Anthu anathira ndemanga zoyamikira. Evelina analembanso yake, mawu awiri. Kenaka anakuza chithunzicho ndi zala mpaka pa baji ya pachifuwa, nayang'ana dzina la Ida nthawi yaitali, tiyi wake akuzizira pa tebulo la m'chipinda chopumira.