Chipewa cha a Davison chitagwa pampanda

Ndinachigwetsa ndine. Loweruka ndinachapa nsalu ya m'kati mwa chipewa cha amuna anga, a Davison, poti thukuta linali litanunkha, ndipo ndinachiyanika pamwamba pa mpanda. Pochitenga, mwana wathu Rachel ali kumsana, chinandipulumuka n'kumenya pangodya ya sitepe. Ndinachitembenuza uku ndi uku. Mng'alu panalibe, penti yokha inapalika.

A Davison ndi a kabaza wa njinga yamoto. Tsiku lonse mutu wawo umakhala m'chipewa chimenechi, pakati pa maminibasi. M'mawa amayamba anditula ine ku Area 43 kumene ndimachapa ndi kusita.

Sindinawauze. Lamlungu iwo atapita kutchalitchi, ndinachikulunga m'chitenje, ulendo ku Old Town kwa a Sumaila, amene amamata mabampala a galimoto ndi faiba, nsalu youmitsa ndi guluu ija.

"Mayi, mwabweretsa mwana wachiwiri?" anaseka poona mtolowo.

"Tangochiyang'anani, bambo. Chagwa dzulo."

Sanachiyang'ane n'komwe. Anatenga kasipanala n'kumachigogoda pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Pamwamba chinkalira ngwe, ngwe. Atafika pokhota, cha pamwamba pa khutu, chinangoti phu.

"Mwamva?"

"Ndamva. Koma sichinasweke."

"Ndiko kuipa kwake. Ichi ndi nsalu zingapo zomatidwa pamodzi. Chikagunda mopanda liwiro, kunja chimalowa n'kubwerera ngati palibe kanthu, koma m'kati nsalu zija zalekana. Tsiku la ngozi yeniyeni chidzabooka pomwepa."

"Ndiye matani."

"Bampala ndimamata, mayi. Pamutu pa munthu sindiikapo dzanja."

Lolemba m'mawa a Davison atavala jekete, ndinawauza zonse. Anachizunguliza m'manja, n'kuchimenya ndi chibakera.

"Amake Rachel, chipewa chili bwinobwino ichi. Amisiri amangofuna pogulitsira nzeru."

"Gogodani apa mumve."

"Ine ndimve chiyani? Makasitomala akundidikira, kwerani tizipita."

Ndimawadziwa. Akanachivala chaka chonse. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mpeni wosendera mbatata, ndipo lamba wa pachibwano ndinamudula iwo akuona.

Rachel anayamba kulira.

"Mwapenga?"

"Mwina. Valani chinacho."

Chinacho ndi cha wokwera kumbuyo, chimene ndimavala ine. N'chothina, chimawafinya makutu. Anachivala akung'ung'udza kuti lero apolisi akawaona ndi kasitomala wopanda chipewa ndikayankha ndine. Kenako anandiyang'ana.

"Nanga inu?"

"Miyendo ndili nayo."

Analiza njinga, n'kuima pachipata, n'kumanga lamba mpaka kukhwima. Ine ndinamangitsa Rachel kumsana, n'kulowa mumzere wa anzanga oyenda pansi. Ku Area 43 ndinafika mochedwa ndi ola lathunthu, mapazi ali mbuu.