Tsiku Limene Mitsinje Inapita ku Sikelo

Alufandika analota kuti mitsinje yonse yothira mu Shire yaitanidwa ku sikelo. Atatsegula chitseko, anapeza mtsinje wa Mwanza utakhala pakhonde, utaonda ngati mwana wochira kumene. Unali mtsinje womwewo umene umasunga dimba lake la chimanga ndi mbatata.

"Ndiberekeni, bambo," unatero mtsinjewo. "Sinditha kuyenda."

Anaubereka ndi chitenje. Sunamunyowetse n'komwe.

Sikelo inali itapachikidwa pa mtengo wa msangu, ndipo mzere unali wautali. Ruo unabwera pa machira, ukununkhira tiyi wa ku Mulanje. Lisungwi unkatsokomola matope. Alufandika ankasuzumira m'zitenje za anzake kuti aone ngati nsomba akuziyezera limodzi ndi madzi. Ankaziyezera limodzi, ndi achule omwe.

Woyeza anali malemu Dausi, kalaliki uja ankagula thonje kale, wodziwa kutchinga sikelo ndi chala. Imfa sinamusinthe. Jekete linali lomwelo.

"A Dausi, mitsinje mukuiyezeranji?"

"Tione madzi amene atsala m'chigwa muno, achimwene."

"Nanga wopepuka muutani?"

"Mumva mukafika. Bwererani pamzere."

Alufandika anali atagulitsapo thonje kwa munthu ameneyu, ndipo ankadziwa kuti chopepuka amachikankhira pambali. Mtsinje akaukankhira pambali, dimba lauma, ndipo iye adya chiyani? Anazembera kuseri kwa msangu n'kuchita zimene alimi ankachita ndi mabelo a thonje. Anatapa mchenga n'kuthira m'chitenje. Anatapanso.

"Mukunditsamwitsa, bambo."

"Khala chete iwe. Anthu awa ndimawadziwa."

Nthawi yake itakwana, anakoleka chitenje pa ngowe. Nthambi inawerama. Sikelo inayankhula yokha, mwaulemu: "Uyu wanenepa."

Dausi anaomba m'manja. "Mwalera bwino, achimwene. Yopepuka tikuipatsa mvula ya chaka chino, ngati phala la ana onyentchera. Wanuwu sukusowa kanthu."

Apo ndi pomwe Alufandika anaona kuti pambali paja pali mkeka, ndipo Lisungwi wakhala pamenepo, ukumwa mtambo wakuda m'kapu.

"Yezaninso, a Dausi."

"Sitiyeza kawiri. Wotsatira!"

Ulendo wobwerera unamupinda msana. Atafika ku dimba anamasula chitenje, ndipo munatuluka mchenga wokhawokha. Unayala kuyambira tsidya lino mpaka tsidya lina, woyera, wotentha, mbuzi n'kuyamba kuwoloka. Masamba a chimanga anadzipinda iye akuona.

Anagwada pakati pa mchengawo n'kuyamba kufukula ndi manja, akuitana mtsinje ndi dzina lake.

"Ndili pansi pano, bambo," mawu anamveka kutali. "Munathira wambiri."

"Ndikumbe mpaka pati?"

"Kumbanibe."

Tambala analira, koma Alufandika sanadzuke. Dzenje linali litamufika m'chiuno, ndipo mchenga unali utangoyamba kuzizira ku zala.