Galasi Lobiriwira la Bambo a Melissa

Amuna anga a Lloyd amaphunzitsa makompyuta pasekondale ina pa Boma pano, ndiye musaganize kuti ndi mbuli. Koma mwezi wathunthu anakhalira kusaka pa intaneti chinthu chopusa chomwe sindinachionepo. Ati pulogalamu yochititsa teminolo, kawindo kakuda kolembamo malamulo a kompyuta kaja, kuoneka ngati ya makedzana. Bandulo n'kumathera zimenezo, munthu wa ndevu zake!

Ataipeza anandiitana ngati apata mwana wamwamuna. Anaiika pa laputopu yanga, poti yawo inafa kalekale. Galasi lonse linada bii, zilembo zobiriwira zikunjenjemera, mizere ikutsetsereka, m'makona mwapindika.

"Taona kukongola, mayi a Melissa! Anthu akunja amazifuna zimenezi."

"Akunjawo zatsopano zinawakwana," ndinatero. "Inu zinakukwanani liti? Mwandikoperako lipoti langa pa fulashi?"

"Mawa."

Ine ndine namwino, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndikuwonjezera maphunziro. Lipoti la kafukufuku wanga, ntchito ya chaka chonse yozungulira midzi ya ku Edingeni panjinga yakabaza, linali mulaputopu momwemo basi. Lofunika kutumiza Lachisanu, apo ayi ndibwereza chaka.

Lachitatu a Lloyd anapita ndi ana asukulu ku Luwawa, kunkhalango ya mapaini kopanda netiweki, n'kusiya chinyawu chawocho chikuphethira pathebulo. Ine ndinali kuntchito. Pakhomo panatsala apongozi anga aamuna, omwe anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala.

Mkulu uja ataona galasilo mtima unamupweteka. TV yake yoyamba inkachita chimodzimodzi sabata yomwe inafa. Ankadziwanso kuti sukulu ya mkamwana wake ili mulaputopumo. Kundiimbira foni sakanatha, chifukwa kuno mpongozi salankhula ndi mkazi wa mwana wake chisawawa, amadzera mwa mwanayo. Mwanayo ndi uyo ali m'mapaini. Ndiye anakulunga laputopu ija m'chitenje, ulendo kwa wokonza mafoni kumsika.

Inu mukuwadziwa anthu amenewo. Foni ikatsokomola, kufulasha. Kompyuta ikayetsemula, kufomata. Wokonzayo sanafunse n'komwe. Anapukuta zonse psiti, n'kuikamo zatsopano.

Nditafika madzulo ndinaipeza pathebulo ikuwala mbee. Ndinatsegula paliponse. Lipoti kulibe. Mafunso a m'midzi kulibe. Apongozi ali pakhonde, chipewa pabondo, akumwetulira, akuuza khoma kuti ine ndimve: "Yili makora sono," kutanthauza kuti ili bwino tsopano.

Ndikanatani? Munthu wayenda wapansi ndi maso ake odwalawo kuti andithandize. Ndinagwada patali, monga mwa mwambo, n'kuwomba m'manja.

"Yewo chomene, adada."

Ndinathokoza m'chilankhulo chawo, mawu n'kutuluka bwinobwino.

A Lloyd anafika Lachinayi, nsapato zili matope okhaokha. Ndinawalondolera kuchipinda kuti bambo awo asamve, n'kuwafotokozera zonse, misozi ili chuchuchu. Anatsegula laputopu, nkhope inagwa, anagwira kumutu. Ndinati mwina chisoni chawagwira, aone chomwe andichita.

"Ayi, ayi, ayi," anatero. "Ndiye afufutanso teminolo ija? Iwe, ukudziwa mmene ndinavutikira kuti kubiriwira kuja kukhale ndendende?"

Ndinatenga fulashi ija, ikadali m'pepala lake chigulireni, n'kuwaika m'manja.