Dontho la Oilo pa Katoni

Inali 9 koloko m'mawa, mphepo ya mu Julayi ikuulutsa fumbi m'misewu ya Kafue Estates, pamene ndinafika kwa Ba Violet ndi sipanala m'thumba. Ba Violet ndi mayi wamasiye, amagulitsa zitenje pamsika. Galimoto yawo inkadontha oilo pamalo pamene kapaipi ka oilo kamalumikizana ndi injini. Kwa miyezi isanu, Loweruka lililonse, ndinkapita kukamanga bauti pang'ono ndi kuyala katoni yatsopano pansi. Tikatero tinkamwa tiyi pakhonde. Chimwalirireni mkazi wanga, palibe khonde lina limene ndinakhalapo nthawi yaitali chotero.

Tsiku limenelo ndinapeza miyendo ya munthu wina itatulukira kunsi kwa galimoto. Anali Ba Fines, oimba gitala kutchalitchi kwawo, amene kale ankakonza malole. Anatuluka ndi kawasha ka kopa m'manja, kamphete kotsekera oilo pa bauti. Anati kanauma, ndipo ngakhale munthu atamanga bauti mpaka Khrisimasi, oilo sangaleke. Ba Violet anaseka. Ine zimenezi ndinkazidziwa kuyambira mwezi woyamba.

Ba Fines analowa m'khitchini osaodira, n'kutulutsa mbaula. Anawotcha kawashako mpaka kufiira kuti kafewe, kenako n'kukaponya m'kapu ya madzi. Inali kapu ya mizere yobiriwira, imene ndinkamweramo ine. Atakabwezera ndi kumanga bauti, Ba Violet analiza injini. Tonse atatu tinawerama kuyang'ana katoni. Tinadikira ndithu. Sipanagwe dontho.

"Ba Ticha, manje mwapumula," anatero Ba Violet. "Ninali kumvela nsoni kukuvutitsani sabata iliyonse."

Ndinayankha kuti sindinkavutika ayi.

Ba Fines, akupukuta zala ndi kansanza, anati adzabweranso Loweruka kudzaona ngati pauma, chifukwa kopa nthawi zina amafuna kumuyendera. Koma ine ndinkadziwa kuti washa wowotchedwa bwino safuna kumuyendera. Ndinawayang'ana. Iwo anatanganidwa ndi kupukuta chala chimene chinali choyera kale.

Ba Violet anandifunsa ngati ndikhale kuti timwe tiyi, anati andipezera kapu ina. Ndinawauza kuti kunyumba kuli makope a Giredi 9 osachonga. Zinali zoona.

Nditafika ndinabwezera sipanala m'bokosi, pambali pa kawasha katsopano kamene ndinagula mu Febuluwale. Ndinakokera mpando pafupi ndi windo, n'kutsegula kope loyamba.