Mphindi Zitatu Zomwe Zinakana Kutseguka

Anali atangoyanika malaya achitatu pachingwe, zopanira ziwiri zili kukamwa, pamene mlamu wake analowa pageti osaodira n'komwe.

"Alamu, siyani kaye zimenezo. Achimwene agwera m'ngalande ndi galimoto ya buledi ija. Ali moyo, musakuwe. Mwendo ndi mutu basi."

Mayiyo sanakuwe. Anachotsa zopanira kukamwa, n'kunena chamumtima mawu omwe amanena akamayamba kudula nsalu ya eni ake: Ambuye, gwirani dzanja langa. Anali telala wa mashini imodzi pakhonde, munthu wosachuluka mawu.

Koma kuchipatala mawu anamupulumuka. Amuna ake anagona ndi bandeji kumutu, akufotokoza kuti agogo ena a panjinga ya olumala anatulukira pakanjira kotsetsereka n'kulowa mumsewu, ndiye iwo anakhotetsa. Komatu onse amene anathamangira pamalopo sanaone gogo, sanaone njinga. Msewu wowongoka, dzuwa lili pamutu, galimoto ina panalibe. Ndipo zinali zisanakwane zaka zitatu chisiyireni mowa bambowo. Mayiyo anawerama, nanunkhiza mpweya wawo mosabisa. Sanamve kanthu koma fungo la mankhwala, komabe anafunsa.

"Mwayambanso eti?"

Bambowo anamuyang'ana kanthawi, kenaka anatembenukira kukhoma.

Panja, mlamu anatulutsa kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Anali atakasolola m'kamera ya pagalasi lakutsogolo, yomwe eni galimoto anamata kuti izijambula msewu.

"Mboni ndi iyi, koma nayo yatseka pakamwa. Makanema onse akutseguka, womaliza yekhayo ndiye akukana. Anzanga kugalaja akuti ndiifomate kaye, akuti ikatero imadzuka."

"Musadine chilichonse," anatero mayiyo. Kufomata sanakudziwe, koma ankadziwa kuti nsalu yong'ambika suichapa usanaisoke. Anakulunga kakhadiko m'mpango, n'kumanga mfundo ziwiri.

Wokonza mafoni anali ndi kashopu kunsi kwa masitepe a nyumba ya masitolo. Anali mayi wathupi, magalasi ali pachipumi, ndipo anthu ankangomutchula kuti Adokotala. Atamva za kufomata anaomba m'manja kamodzi.

"Anakuuzani ndani? Kufomata n'kufufuta zonse! Ameneyo angathe kutentha nyumba kuti aphe mphemvu! Khalani apa, achemwali, sunthani mabatirewo."

Anayamba wakopera zonse mukompyuta, n'kubweza kakhadiko m'mpango muja. Kenaka anadina kanema womaliza. Sikirini inada, n'kulemba kuti zakanika. Anayesa pulogalamu ina, zomwezo.

"Ndiye kuti palibe chilimo?" anafunsa mayiyo, ndipo anadabwa kumva kuti mtima wake ukufuna yankho lililonse, bola lifike msanga.

"Chilimo. Taonani kukula kwake, akufanana ndi anzakewa. Kamerayi imajambula mphindi zitatuzitatu. Ikamaliza imalemba kandandanda kumapeto, kuti chithunzi chakuti chili apa, mawu akuti ali apo. Ndiye galimoto itagunda, magetsi anaduka isanalembe. Kompyuta ikuona mulu wa zinthu, koma poyambira sikupadziwa."

"Zidutswa zilipo, miyezo ndiye yatayika."

Adokotala anatsitsa magalasi n'kumuyang'anitsitsa. "Inu ndinu atelala eti? Nanga zikatero mumatani?"

"Ndimauza mwini wake abweretse diresi ina yomukwana, n'kuyezerapo."

"Basitu. Nafenso tibwereka kanema wabwinobwino wa kamera yomweyi, wodwalayu aonerepo."

Adokotala anatsegula kanema woyamba wa tsikulo kuti aone ngati ali bwino. Panaoneka geti ya kunyumba kwa mayiyo m'mamawa, ndi mphaka wa aneba akudutsa. Galimoto sinkayenda. Kenaka mayiyo anamva mawu a amuna ake, apansipansi, mawu omwe sanawamvepo m'nyumba. Ankapemphera. Anatchula mabuleki, anatchula oyenda pansi, anatchula mwana wawo wamkazi amene anali woyembekezera. Kenaka anati, "Ndi maso a mkazi wanga, Ambuye. Ndaona akuvutika polowetsa ulusi. Safuna ndidziwe."

Mayiyo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Za masowo sanauzepo munthu. Ankadikira bambowo atuluke kaye, ndiye n'kupita pawindo ndi singano yake.

Adokotala anakhosomola, n'kuyamba kufunafuna kanthu m'dirowa, kanthu komwe sanakapeze.

Kuyesa koyamba kunatulutsa zithunzi zobiriwira, zong'ambika ngati nsanza, ndi mawu olira ngati chitseko chadzimbiri.

"Diresi tabwerekayi ndi ya mng'ono wake," anatero Adokotala. "Uyu anajambulidwa galimoto itaima, kamera ili m'tulo. Titenge woyandikana ndi wodwalayu."

Woyandikanayo anaonetsa msewu wa pakati pa masitolo. Pakona pena galimoto inachepetsa liwiro mpaka kuyenda ngati munthu. Kutsogolo kunalibe chotchinga. Panali mayi wosesa mumsewu yekha, ndi kamulu ka zinyalala komwe anali atangounjika. Galimoto inadutsa mwakachetechete, kamuluko osauluka ngakhale tsamba limodzi, ndipo wosesayo anakweza tsache osatembenuka, monga munthu wozolowera kutero tsiku lililonse.

"Amuna anu ndi amenewa?" anafunsa Adokotala. "Ali ndi achimwene awo osakwatira?"

Mayiyo anafuna kuseka, koma maso ake sanachoke pasikirini.

Pasikirini kamzere kanayamba kudzaza pang'onopang'ono. Panja wina ankakoka ngolo ya makatoni. Mayiyo anapeza kuti sakudziwa chopempha. Anangoti: Ambuye, ndionetseni zoona, ndipo mundipatse msana wozisenzera.

Kanema anatseguka.

Msewu wowongoka, woyera ndi dzuwa. Mphindi imodzi, ziwiri, bambowo akuimba mluzu. Kenaka kumanzere kunatulukira chinthu chonyezimira, ndipo dziko lonse linapendekeka, n'kuda bii.

"Mayo!" anatero Adokotala. "Tibwerere, tiyende chithunzi chimodzichimodzi."

Anadina. Panatulukira gudumu. Anadinanso. Njinga ya olumala, ndi nkhalamba ya jekete lotuwa, manja onse ali pamagudumu kuyesa kuigwira, chipewa chili m'malere pamwamba pa mutu wake. Anadinanso. Nkhope ya nkhalambayo inadzaza galasi, pakamwa pali yasa, maso akuyang'ana mwa woyendetsa. Chipewa chija chinali chikadali m'mwamba. Pachithunzi chotsatira mphuno ya galimoto inali itakhotera kungalande, ndipo pakati pa chitsulo ndi gudumu la njinga panatsala kampata kowala. Mayiyo, amene maso ake anazolowera tepi, anakayeza osafuna: zala zinayi. Njingayo inawoloka, n'kutsetserekera kukanjira ka tsidya linalo, kuseri kwa mpanda wa maluwa, kumene anthu othamangira kungalande sakanayang'ana.

"Imvaninso mawu," anatero Adokotala monong'ona, nakweza sipika.

Mluzu unaduka. Panalibe kutukwana, panalibe kukuwa. Panali mawu atatu okha, achangu, ofatsa ngati a munthu wotsegulira mlendo chitseko: "Dutsani, agogo, dutsani."

Kasitomala wina anasuzumira ndi foni yosweka, naona nkhope za awiriwo, n'kubwerera yekha. Mayiyo ankayang'ana kampata kaja. Zala zinayi, ndipo moyo wathunthu wa munthu unakwanamo n'kudutsa. Kwinakwake nkhalamba ija inali ikumwa madzi, ikufunsa za chipewa chake.

Adokotala anamuikira kanemayo m'foni, wina pa fulashi yoti akapatse eni galimoto. "Pitani, achemwali. Nthawi yoona odwala ikutha."

M'wodi munali modzaza. Achibale anazungulira mabedi ndi mabasiketi awo, anamwino akukankha kangolo ka mankhwala, mlamu atakhala kumiyendo kwa mkulu wake. Ataona mayiyo anaimirira.

"Alamu, mboni ija yalankhula?"

Mayiyo anangomudutsa. Anafika pambali pa bedi, nagwada pasimenti pomwepo, anthu onse akuona. Akanatha kunong'ona. Koma mawu anatuluka okwera, mpaka a bedi lachitatu anasiya kudya.

"Bambo, agogo aja ndawaona. Munanena zoona, ine ndinakuyesani wabodza. Ndakulakwirani. Ndikhululukireni."